Siyani mpata pa khoma

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu a lero ndi aja timawadziwa tonse, a pa Salimo 36:9: "M'kuunika kwanu tidzaona kuunika."

Mmisiri womanga tchalitchi sangaumbe dzuwa ngati njerwa, ndipo sangakaligule kusitolo pamodzi ndi simenti. Chimene angathe n'kusiya mpata basi. Khoma likafika m'chiuno amaimitsa dzanja, n'kuyeza, n'kuuza anyamata ake kuti apa pasaikidwe njerwa. Yake yathera pomwepo, zotsalazo ndi za Mwini dzuwa. Ndiye m'mawa uno ndabwera ndi pempho limodzi lokha: pa khoma limene mukumanga mumtima mwanumo, siyani mpata.

Ndikutero chifukwa sabata ino yandilemera. Bambo a kunyumba sakupeza bwino, ndipo tikudikira zotsatira za kuchipatala. Tulo sitikubwera. Usiku mtima umangoyala njerwa, ina pamwamba pa inzake: nanga zikakhala zoipa, nanga anawa, nanga ndalama zichokera kuti. Tambala akamalira, khoma lafika kudenga, zenera palibe. Ndikudziwa kuti pagulu pano sindili ndekha. Ena mwa inu mwadzuka m'chipinda chotere, mwina chifukwa cha ngongole, mwina banja, mwina mwana amene sakumvanso.

Taonani mmene Mulungu amakondera mazenera. Chingalawa cha Nowa chinamatidwa phula mkati ndi kunja kuti madzi asalowe, koma zenera linalipo, ndipo m'pamene khwangwala ndi nkhunda zinatulukira. Solomoni pomanga Kachisi sanaiwale mazenera, werengani 1 Mafumu 6:4. Danieli, lamulo la mfumu litasainidwa kale, dzenje la mikango likumudikira, anakwera m'chipinda chake chapamwamba n'kugwada mazenera ali otsegula cha ku Yerusalemu. Munthu amene anali ndi chifukwa chomveka chotsekera sanatseke. Nanga ife tikutsekeranji?

Akhristu akale anali ndi mwambo womanga matchalitchi guwa lili chakum'mawa, kuti mpingo ukaimirira kupemphera uziyang'ana kotulukira dzuwa. Ankakumbukira Malaki, amene ananena za dzuwa la chilungamo lodzatuluka ndi kuchiritsa m'mapiko mwake. Mmisiri ankayamba wafunsa kaye kumene dzuwa limatulukira asanakumbe maziko. Ife timayamba tayang'ana kumene kukuchokera mavuto, n'kumanga nyumba yonse moyang'ana kumeneko.

Amene munalowapo m'tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission mukudziwa zimene ndikunena. Anachimanga m'busa David Clement Scott ndi anthu a kuno kwathu, kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuwotchedwa komweko, ndipo m'busayo sanaphunzirepo za umisiri womanga. Panja dzuwa likhoza kuswa mtengo, koma mukalowa mkati mumapeza kamdima kozizirira. Kuwala kumalowa pang'onopang'ono kudzera m'magalasi a mitundu, n'kugwera pa njerwa zofiira zija ndi pa mipando. Palibe amakuuzani kuti tsitsani mawu, mumangozindikira mwayamba kunong'ona nokha. Chimodzimodzi ku Likoma, m'tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene anayamba kumanga mu 1903: makoma ndi okhuthala, koma chimene chimakweza maso anu m'mwamba ndi kuwala kolowera m'mazenera.

Chimandigwira mtima n'chakuti m'malo amenewa kuwala si kochuluka. Mdima ulimo, sunathamangitsidwe wonse. Koma chifukwa pali mpata, mdimawo sukuopsanso, wasanduka malo opemphereramo. Ku Japan, m'tauni ya Ibaraki pafupi ndi Osaka, kuli katchalitchi kamene anakonza mmisiri Tadao Ando, ndipo kanatha mu 1989. Makoma ake ndi konkire yokhayokha, opanda zokongoletsa. Pa khoma la kutsogolo anasiyapo mipata iwiri yopapatiza, wina woimirira wina wopingasa, ndipo dzuwa likalowa, mtanda umaoneka wa kuwala kokhakokha. Mtandawo sanaupachike, sanaupente. Anangosiya malo osaikapo konkire.

Mlongo wanga, Ambuye sakukupemphani kuti mugwetse khoma lonse lero. Akudziwa kuti mwatopa. Mpata wopapatiza ukukwanira. Vesi limodzi. "Ambuye ndithandizeni" mmodzi, ngakhale wotuluka ndi misozi. Siyani mpata umenewo.

Koma tsono tiyeni tiuzane zoona, pajatu ndife a banja limodzi. M'midzi mwathu tili ndi matchalitchi ambiri amene mazenera ake anatsekedwa ndi njerwa. Mukudziwa mmene zimakhalira. Malata akwera, ndalama zatha, mafelemu ndi magalasi palibe. Akomiti amagwirizana kuti tiyeni tingoyalapo njerwa zopanda matope mongoyembekezera, mbuzi zisamalowe, mphepo ya mwezi wa Juni isamavutitse agogo. Mongoyembekezera muja chaka chimatha, china chimatha. Ana amabatizidwa, kukula, mpaka kukwatira m'tchalitchi cha mdima. Woyambitsa nyimbo amaima pakhomo kuti aone mawu a m'buku. Ndipo chopweteka n'chakuti anthu amazolowera, osakumbukanso kuti mmisiri anasiyapo mpata pamenepo.

Ena a ife tinatseka chonchi. Munthu wina mumpingo anakulankhulirani mawu olasa, munayala njerwa, munati ndikapola ndidzachotsa. Munapempherera wodwala wanu ndi mtima wonse koma anapitabe, munayala njerwa, ndipo kuyambira tsiku la maliro lija pemphero lanu ndi la pakamwa chabe. Sindikukudzudzulani ngati munthu wosadziwa ululu, ayi. Njerwa zimenezo inenso zili m'manja mwanga sabata ino, ndikumva kulemera kwake. Koma ndikufunseni mwachikondi: mongoyembekezera muja papita zaka zingati? Njerwazo zilibe matope, abale. Imodzi mukhoza kuisolola lero ndi dzanja lanu.

Ndikudziwa chimene chimatiopsa. Mpata wolowetsa dzuwa ndi womwewonso umalowetsa mvula. Ku Rome kuli nyumba yakalekale yotchedwa Pantheon, imene inasandutsidwa tchalitchi m'chaka cha 609. Kuwala kwake kumalowera pa dzenje limodzi lozungulira pamwamba penipeni pa denga, lotambalala pafupifupi mamita 9, ndipo silinatsekedwe ndi galasi. Dzuwa likamayenda, kuwalako kumayenda nalo pa makoma tsiku lonse. Mvula ikagwa imalowa ndithu, anthu akuona. Omanga sanatseke dzenjelo poopa mvula, anangosiya timabowo pansi totulutsa madzi. Mtima wotseguka kwa Mulungu ndi kwa anthu ake udzanyowa nthawi zina. Mudzauza munthu vuto lanu, iye n'kuliyendetsa. Mudzapempha, yankho n'kuchedwa. Koma madziwo ali ndi potulukira. Misozi ndi potulukira, kuulula ndi potulukira, kukhululuka ndi potulukira. Nyumba yotsekedwa konsekonse sinyowa ndi mvula, koma mkati mwake mumachita nkhungu.

Pali china chimene amisiri amadziwa chimene chanditonthoza kwambiri. Sungasiye mpata pa khoma popanda choti chinyamule katundu wa pamwamba pake. N'chifukwa chake amathira lintala. Popanda lintala njerwa za pamwamba pa zenera zimagwa. Ku France, m'zaka za m'ma 1100, amisiri anaphunzira kupatutsa kulemera kwa denga kuti kutsikire m'mizati ndi m'zochirikiza za kunja kwa khoma. Khoma litapepukidwa, anayamba kulitsegula. Ku tchalitchi cha Saint-Denis, mbali ya kuguwa imene inapatulidwa mu 1144 inadzaza ndi mazenera. Patapita zaka zana, ku tchalitchi cha Sainte-Chapelle mu mzinda wa Paris, chipinda cha pamwamba chinakhala pafupifupi magalasi okhaokha. Kale makoma ankakhala okhuthala ndi timazenera tating'ono chifukwa ankasenza okha denga lonse.

Ndi mmene ambiri tilili. Tikusenza tokha denga lonse, ndiye tikuopa kuti tikangotsegula pang'ono tigwa. Amayi mukusenza ana ndi sukulu fizi ndi odwala. Abambo mukusenza manyazi a ntchito imene inatha, osauza ngakhale akazi anu. Petro anati titaye pa Iye nkhawa zathu zonse pakuti Iye asamalira ife, ndipo Paulo anati tinyamulirane zothodwetsa. Lintala alipo, ndiye Khristu. Zochirikiza za kunja zilipo, ndiwo abale amene Ambuye anakuikirani pafupi. Aloleni anyamule nanu, ndipo mupeza kuti khoma likhoza kutseguka osagwa.

Choncho musanatuluke m'nyumba lero, sololani njerwa imodzi. Imbirani foni munthu uja mwakhala mukumuzemba. Uzani amayi a chigawo kapena mkulu wa mpingo kuti zinthu sizili bwino. Ndipo ngati tchalitchi chanu ndi chija cha mazenera otsekedwa, kakumbutseni akomiti Lamulungu lino, ngakhale zenera limodzi lokha la chakum'mawa liyambe latsegulidwa.

Yanga ndasolola pano pamaso panu. Lachinayi m'mawa tikupita kukamva zotsatira. Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka bambowa, kuti akalowe m'chipinda cha adokotala ndi mtendere. Amene muli ndi zanu zofuna pemphero lembani m'munsimu, madzulo ano ndizitchula dzina lililonse pamaso pa Ambuye.