Kuphunzira mawu a Chisipanishi pomvetsera: zimene khutu limatha ndi zimene silitha

[Wofotokoza wakhala patebulo, patsogolo pake pali foni, mahedifoni ndi kope.]

Moni nonse amene mukuonera vidiyo ino, kaya muli kuno ku Mzuzu kapena kwina kulikonse. Lero tikambirana za maphunziro a Chisipanishi ojambulidwa mawu okhaokha, aja amene munthu amawaika m'foni n'kumawatsatira payekha popanda mphunzitsi, ndipo funso lathu ndi lakuti kodi mawu a chinenero chachilendo angakhazikike m'mutu mwa munthu amene wangowamva ndi khutu basi.

Chisipanishi ndi chinenero cha boma m'mayiko 20, ndipo anthu pafupifupi 500 miliyoni anabadwa nacho. Dziko limene lili ndi ochiyankhula ochuluka kwambiri ndi Mexico, osati Spain, ndipo muno mu Africa ndi chinenero cha boma ku Equatorial Guinea. Munthu wa ku Mzuzu angachifune pa zifukwa zosiyanasiyana: wina amaperekeza alendo ku Nyika kapena ku Nkhata Bay, wina ndi wophunzira wa ku Luwinga amene akusaka mwayi wa maphunziro kunja, wina wangotopa ndi kuonera mpira wa La Liga osamva zimene osewera akunena. Onsewa vuto lawo ndi limodzi, lakuti mphunzitsi wa Chisipanishi sapezeka chisawawa kwathu kuno, pamene foni ili m'thumba la anthu ambiri.

Tiyambe ndi nkhani ya kuiwala, chifukwa maphunziro onse abwino a mtundu uwu anapangidwa kuti alimbane ndi kuiwala. M'chaka cha 1885, katswiri wa ku Germany wotchedwa Hermann Ebbinghaus anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anadzichita yekha, zosonyeza kuti chinthu chimene munthu wangoloweza chimathawa mofulumira kwambiri m'maola oyambirira, kenako liwiro la kuiwalako limayamba kuchepa. M'chaka cha 1967, Paul Pimsleur wa ku America anatenga mfundo yofanana ndi imeneyi n'kuikonza kuti igwire ntchito pophunzitsa zinenero. Iye anati liwu latsopano lifunsidwe patapita masekondi 5, lifunsidwenso patapita masekondi 25, kenako mphindi 2, mphindi 10, ola limodzi, maola 5, tsiku limodzi, masiku 5, mpaka miyezi, kuti nthawi iliyonse pamene liwu latsala pang'ono kupulumuka, wophunzira aligwirenso.

[Pa sikirini paoneke mzere wa nthawi zimenezi.]

Phunziro limodzi la Pimsleur limatenga theka la ola, ndipo limayenda motere: mawu a mphunzitsi amakufunsani mmene munganenere kuti "ndikufuna madzi", kenako pamakhala zii kwa masekondi ochepa, inu n'kuyankha kuti "quiero agua", ndipo pambuyo pake mwinichinenero amanena yankho lolondola kuti mudziyese. Mvetsetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri amaphonya. Kuphunzira kwenikweni kumachitika m'kachigawo kachete kaja, pamene ubongo wanu ukuvutika kufufuza liwu limene unamva mphindi zingapo zapitazo. Munthu amene amangodikira kuti yankho linenedwe, iye n'kugwedeza mutu kuti inde ndimalidziwa, amadzinamiza, pakuti kuzindikira liwu polimva n'kosavuta kusiyana ndi kulitulutsa pakamwa palibe wokuthandiza. Pachifukwa chomwechi, kugona mahedifoni ali m'makutu ndi chiyembekezo chakuti mawu alowa okha usiku ndi kungotha batire la foni. Eni maphunzirowa amalangiza kuti muzichita phunziro limodzi patsiku, muziyankha mokweza mawu, ndipo muzipita patsogolo mukafika poyankha bwino pafupifupi mafunso 8 mwa 10 aliwonse.

Njira ina yotchuka ndi ya Michel Thomas, mphunzitsi wobadwira ku Poland amene anamwalira m'chaka cha 2005. Iye anajambulidwa akuphunzitsa anthu awiri ongoyamba kumene, ndipo womvetsera amakhala ngati wophunzira wachitatu, amene amaimitsa kaye chojambulidwacho n'kuyankha asanamve yankho la anzakewo. Maphunziro a Language Transfer, amene anayambitsidwa ndi Mihalis Eleftheriou, amatsata njira yofananako, ndipo ndi aulere. A Chisipanishi ali ndi zigawo 90 zifupizifupi. Kwa munthu amene akuwerengera ndalama iliyonse, ine ndingati ayambire pamenepa asanalipire kalikonse kwina. Palinso Coffee Break Spanish, pulogalamu yochokera ku Scotland imene imafanana ndi zokambirana za pawailesi, ndipo imathandiza kwambiri mukafika poti mwayamba kumvako.

Mphamvu ya njira ya Michel Thomas ndi ya Language Transfer ili pa kukuonetsani kuti ngati munaphunzira Chingerezi kusukulu, muli kale ndi mawu ambirimbiri a Chisipanishi osadziwa, popeza zinenero ziwirizi zinatenga mawu ochuluka ku Chilatini. Mawu a Chingerezi othera ndi "-tion" kawirikawiri amathera ndi "-ción", monga "nación" ndi "información", ndipo othera ndi "-ity" amathera ndi "-dad", monga "universidad". Lamulo limodzi lotere limakupatsani mawu mazana nthawi imodzi. Komabe pali misampha imene maphunziro ena amachedwa kuitchula: "embarazada" amanena za mayi woyembekezera, osati munthu amene wachita manyazi, "éxito" ndi chipambano, osati khomo lotulukira, ndipo "librería" ndi sitolo yogulitsa mabuku, osati laibulale.

Maphunziro onse amene ndatchulawa anakonzedwera munthu wolankhula Chingerezi, choncho amataya nthawi yambiri pa mavuto amene ife tilibe, n'kudumpha mavuto amene ife tili nawo. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa pafupifupi mmene timawatchulira m'Chichewa, zimene zimachititsa kuti liwu monga "casa" kapena "amigo" lituluke bwino pakamwa pathu tsiku loyamba lomwe. Chilembo cha "ñ" ndi "ny" wathu wa m'mawu akuti nyama. Mawu ambiri othera ndi vawelo amatsindikidwa pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, monga mmene ife timachitira. Liwu lofotokoza chinthu limabwera pambuyo pa dzina n'kugwirizana nalo, kotero kuti "libro rojo" ndi "casa roja" sizingadabwitse munthu amene amanena kuti buku lofiira ndi nyumba yofiira. Ngakhale kusiyanitsa "tú" (iwe) ndi "usted" (inu waulemu), kumene kumazunguza a Chingerezi, ife timakudziwa kuyambira tili ana, chifukwa palibe mwana woleredwa bwino amene angatchule mkulu kuti iwe. Mawu ena ndi odziwika kale kudzera m'Chipwitikizi, chimene ndi chibale cha Chisipanishi: nsapato zathu ndi "zapato", kalata ndi "carta".

Mavuto athu enieni ndi awiri. Loyamba ndi lakuti m'Chichewa "l" ndi "r" sasintha tanthauzo la liwu, pamene m'Chisipanishi "pelo" ndi tsitsi, "pero" ndi koma, ndipo "perro", amene lilime limanjenjemera pomutchula, ndi galu. Khutu limene silinazolowere kusiyanitsa mawu atatuwa limawasunga ngati liwu limodzi, ndipo phunziro lojambulidwa silingakudzudzuleni chifukwa silikukumvani. Njira yothandiza ndi kudzijambula mawu pafoni yanu yomweyo, n'kufananitsa ndi a mwinichinenero. Vuto lachiwiri ndi chizolowezi chathu chowonjezera vawelo kumapeto kwa liwu lililonse, chimene chimasandutsa "hotel" kukhala hotelo ndi "comer" kukhala komere. Popeza maverebu onse a Chisipanishi, asanasinthidwe, amathera ndi "r", chizolowezi ichi chiyenera kuthetsedwa msanga.

[Pa sikirini: pelo, pero, perro.]

Tsopano tinene chilungamo pa malire a njira imeneyi. Maphunziro omvetsera amaphunzitsa mawu ochepa, koma amawakhomerera mwakuya. Saphunzitsa mawu ambiri. Theka la ola lingathere pa mawu atsopano owerengeka chabe, ndipo ambiri mwa mawuwo ndi a mlendo wa kuhotela, ofunsira mtengo, njira ndi chakudya. Namwino, mlimi wa khofi kapena woperekeza alendo kokaona nyama sapezamo mawu a ntchito yake. Khutu silikuonetsaninso kalembedwe: simungadziwe kuti "hola" ali ndi "h" wosatchulidwa, kapena kuti "b" ndi "v" amamveka chimodzimodzi ngakhale amalembedwa mosiyana.

Choncho mukamaliza phunziro la tsikulo, osati lili mkati, tengani kope n'kulemba mawu atsopano, ndipo matanthauzo ake muwalembe m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi, kuti liwu la Chisipanishi lisamadutse kaye m'chinenero chachitatu lisanafike pa chinthu chenichenicho. Dzina lililonse lilembedwe pamodzi ndi "el" kapena "la" wake, timawu tofanana ndi "the" wa Chingerezi, chifukwa lamulo lakuti mayina othera ndi "o" amatenga "el" ndipo othera ndi "a" amatenga "la" limathyoka pa mawu ofala kwambiri, monga "la mano", "el día" ndi "el problema". Pansi pa liwu lililonse lembani chiganizo chanuchanu chokhudza moyo wanu, mwachitsanzo "vivo en Chibavi" kapena "trabajo en Katoto", pakuti chiganizo chimene mwapanga nokha chimakhalitsa kuposa chimene mwangopatsidwa. Kenako gwiritsani ntchito ndondomeko ija ya Pimsleur pa kope lanulo: phimbani mbali ya Chisipanishi, dzifunseni mawa lake, dzifunseninso patapita masiku asanu, kenako patapita milungu itatu kapena inayi. Mawu a ntchito yanu muwafufuze mu dikishonale n'kuwawonjezera m'kope lomwelo, kapena muwajambule nokha pafoni, kusiya mpata wachete pakati pa funso ndi yankho.

Pa nkhani ya intaneti sitichedwapo. Phunziro la theka la ola nthawi zambiri limakhala la mamegabaiti 15 mpaka 30, choncho ndi bwino kukopera zigawo zingapo nthawi imodzi n'kuzisunga pa memori khadi. Malo omvetsera akhale oti mungayankhule mokweza popanda manyazi, monga pochapa zovala kapena popalira m'munda. Mu minibasi yodzaza anthu simungayankhe, ndipo poyenda m'mbali mwa msewu wa M1, pamene njinga za kabaza ndi magalimoto zikudutsa, makutu anu ali ndi ntchito ina yofunika kwambiri.

Musanakopere chilichonse, onani ngati maphunzirowo ndi a Chisipanishi cha ku Spain kapena cha ku Latin America. Anthu a mbali zonsezi amamvana bwinobwino, koma mawu ena a tsiku ndi tsiku amasiyana: galimoto ndi "coche" ku Spain koma "carro" kapena "auto" m'mayiko ambiri a ku America, kompyuta ndi "ordenador" kwina ndi "computadora" kwina, foni ya m'manja ndi "móvil" kapena "celular". M'madera ambiri a Spain, "z" ndi "c" wa m'mawu monga "gracias" amatchulidwa lilime lili pakati pa mano, pamene ku Latin America amamveka ngati "s" wamba, zimene ndi zapafupi kwa ife. Sankhani mbali imodzi n'kukhala nayo miyezi yoyambirira. Amene akufuna satifiketi yovomerezeka adziwe kuti mayeso a DELE, amene amayendetsedwa ndi bungwe la Instituto Cervantes, amayesa kuwerenga ndi kulemba pamodzi ndi kumva ndi kuyankhula, kotero kuti kope lija liyenera kuyamba kudzaza kuyambira phunziro loyamba.