Mbalame Imauluka Bwanji? Tiyambire pa Nthenga

[Kamera iyandikire nthenga imodzi ili m'dzanja]

Tengani nthenga yakuphiko, muikoke m'mbali mpaka ing'ambike. Tsopano isisiteni ndi zala kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Mwaona? Yalumikizananso. Tiulusi ta nthenga tili ndi tingowe tosaoneka ndi maso, tomwe timakolana kuti mphepo isadutse. Mbalame ikamapesa nthenga ndi mlomo si kuti ikudziphoda ayi, ikukolanitsa tingowe timeneti. Mafuta a sitima akatayikira m'nyanja n'kumata nthenga, tingowe timasokonekera, madzi amafika pakhungu, mbalame n'kufa ndi kuzizira.

[Chithunzi cha mafupa a mbalame]

Ambiri tinamva kuti mbalame imauluka chifukwa mafupa ake ali ndi mphako, choncho ndi opepuka. Mphakozo zilipodi, koma mukaika pasikelo mafupa onse a mbalame ndi a khoswe wolemera mofanana nayo, sasiyana kwenikweni. Phindu lake ndi kulimba: fupa lamphako lokhala ndi timichirikizo m'kati silithyoka msanga phiko likamamenya mphepo. Kulemera kunachotsedwa kwina. Mano palibe, nsagwada zolemera palibe, ntchito yopera chakudya inapita kunthutumba, pakati pa thupi. Chikhodzodzonso mbalame zouluka zilibe, siziyenda zitasenza mkodzo.

Mphamvu ili pachifuwa. Fupa la pamenepo lili ndi chitunda chosongoka pomwe pamagwira minofu iwiri. Waukulu umatsitsa phiko. Waung'ono, womwe uli kunsi kwa mnzakewo, ndi umene umalikweza, ndipo umatero ndi mtsempha wodutsa pamwamba pa phewa, ngati chingwe chokoleka pamtanda. Minofu yonse ikakhala kunsi chonchi, mbalame siipendama m'mwamba. Nthiwatiwa ilibe chitunda chimenechi, ndipo mukudziwa kale kuti imangothamanga.

Minofu yotere imafuna mpweya wambiri. Kuwonjezera pa mapapo, mbalame zambiri zili ndi timatumba ta mpweya 9 tomwe timapopa ngati mvukuto. Mpweya umadutsa m'mapapo njira imodzi, ndiye kaya mbalame ikupumira m'kati kaya kunja, mapapo amalandirabe mpweya watsopano. N'chimodzi mwa zifukwa zomwe atsekwe a bar-headed goose amawolokera mapiri a Himalaya, kumene munthu amapuma mobanika.

[Kabawi akugwa kuchokera m'mwamba, kenaka kadzidzi]

Pakusaka, kabawi wa mtundu wa peregrine amapinda mapiko n'kudzigwetsa pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Kadzidzi sadalira liwiro koma kachetechete. Kutsogolo kwa phiko lake kuli timano ngati ta chipeso tomwe timaphwanya mphepo kuti isalire. Kwa mtundu wa barn owl, khutu lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake, choncho phokoso la mbewa limafika m'makutuwo mosiyana, iye n'kudziwa pomwe ili ngakhale mumdima wa ndiweyani. Vuto lake? Nthenga zofewazo zimanyowa msanga. Mvula ikagwa masiku angapo otsatizana, amagona ndi njala.

[Mapu: mzere wochokera ku Alaska]

Tsono tamvani izi. Mu Okutobala 2022, mbalame ya bar-tailed godwit ya miyezi isanu yokha, yomwe anaiveka kachipangizo kolondola ulendo, inanyamuka ku Alaska n'kukatera ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, patapita masiku 11. Makilomita 13,560, osatera, osadya, osamwa. Isananyamuke, mbalame yotere imadya mpaka mafuta kufika pafupifupi theka la kulemera kwake. Kenaka nthutumba, chiwindi ndi matumbo zimafota. Kunyamuliranji matumbo omwe sagwira ntchito panjira? Ikafika zimakulanso. Koma iyenera kusankha bwino tsiku lonyamuka, chifukwa mphepo ikaitembenukira pakati pa nyanja ya Pacific mafuta amatha, ndipo siitha kutera pamadzi kuti ipumule.

Dokowe woyera sachita nawo zopupiza mapiko usana ndi usiku. Amadikira dzuwa litenthetse nthaka, n'kukwera pa mpweya wofunda, akuzungulirazungulira, kenaka n'kutsetsereka kukafuna mpweya wina. Panyanja mpweya wotere suchuluka, n'chifukwa chake madokowe ochokera ku Ulaya popita ku Africa sadutsa pakati pa nyanja ya Mediterranean. Amathithikana pomwe madzi achepa, ku Gibraltar ndi ku Bosporus.

Ndipo dokowe yemweyu ndi amene anathandiza kuthetsa mtsutso wakale. Anthu ku Ulaya sankadziwa komwe mbalame zimapita m'nyengo yozizira, ena ankati anamzeze amagona m'matope pansi pa madzi. Mu 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, anapha dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa utapyoza khosi lake. Anauluka nawo ulendo wonsewo. Dokoweyo akusungidwa mpaka lero ku yunivesite ya Rostock, mkondo uli pakhosi pomwepo.