Kompyuta yati zii: kufufuza kasipika ka mkati kwa ife osaona

Moni nonse, takulandirani. Vidiyo ya lero ndi ya ife amene timagwiritsa ntchito kompyuta ndi makutu, choncho batani lililonse ndilitchula ndi dzina, palibe choti muyang'ane pa sikirini.

Mwadina batani loyatsira. Fani ikuzungulira, mukuimva. Kenako zii. NVDA, pulogalamu yotiwerengera zimene zili pa sikirini, sakulankhula. Munthu woona amangoponya maso pa sikirini n'kudziwa pomwepo ngati Windows yatseguka kapena makina aima panjira. Ife bata limeneli silitiuza kanthu. Mwina kompyuta ili bwinobwino, angotsekeka ndi mawu okha. Mwina sinafike n'komwe pa Windows.

Anthu akamati sipika ya mkati amasakaniza zinthu ziwiri. Pali sipika imene imatulutsa nyimbo ndi mawu a NVDA, yomwe imadalira Windows ndi madiraivala ake, timapulogalamu toyendetsa zipangizo. Ndiye pali kasipika kakang'ono kolumikizidwa pa motherboard, bodi yaikulu ya mkati mwa kompyuta, komwe kamangodziwa kulira kuti piii. Kameneka kanalipo kale pa IBM PC ya mu 1981, ndipo sikadikira Windows. Mukangoyatsa, makina amadziyeza okha, muyeso umene amautcha POST, ndipo pa mabodi ambiri kulira kumodzi kwakufupi kumatanthauza kuti zonse zili bwino.

[Kasipika kalira kamodzi]

Kwa ine phokoso limeneli ndi lamtengo wapatali kuposa magetsi onse okongoletsa amene opanga makompyuta akuika masiku ano. Mabokosi ambiri atsopano sabweranso ndi kasipikaka. M'malo mwake mabodi ena, monga a ASUS ndi MSI, ali ndi timagetsi tinayi tosonyeza ngati vuto lili pa CPU (ubongo wa kompyuta), pa RAM (memori yake), pa zithunzi kapena potsegula Windows. Uthenga womwe kale tinkaumva tsopano uyenera kuonedwa ndi maso, ndipo ife atisiya kunja. Makompyuta a kaunjika nawonso nthawi zina amafika kasipika katachotsedwa kapena waya wake atazuka.

Musathamangire kutsegula bokosi. Choyamba bwezani mawu. Tengani mahedifoni a USB, kapena kachipangizo ka mawu kolowetsa pa USB, mulowetse, mudikire pang'ono. Nthawi zambiri Windows imasamutsira mawu kumeneko yokha popanda kufunsa. Dinani Control, Windows ndi Enter pamodzi kuti Narrator, pulogalamu yowerenga sikirini yobwera ndi Windows, ayambe. Akalankhula, mtima pansi, kompyuta ndi yamoyo. Kachipangizo kameneka kazikhala m'chikwama chanu nthawi zonse.

Tsopano dinani Windows ndi R, mulembe mmsys.cpl, kenako Enter. Mufika pa mndandanda wa zipangizo zotulutsa mawu. Ngati Speakers palibe, dinani Shift ndi F10, musankhe Show Disabled Devices. Kawirikawiri sipika imapezeka pamenepo, inangozimitsidwa. Onaninso ngati mawu sanalowere ku TV kapena sikirini yolumikizidwa ndi HDMI, chifukwa waya umenewu umanyamula zithunzi ndi mawu omwe. Zikakanika, dinaninso Windows ndi R, mulembe devmgmt.msc, mukafufuze diraivala ya mawu.

Izi zonse sizikhudza kasipika ka piii. Kuyambira pa Windows 7, pulogalamu ikapempha kulira kuja, Windows imatumiza kulirako ku sipika wamba. Ndiye mukamva kulira muli kale mu Windows, si umboni woti kasipika kali mkatimo. Umboni ndi kulira kwa masekondi oyambirira mutangoyatsa.

Tiyeni titsegule bokosi. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, gwirani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu asaononge tizipangizo. Yendetsani chala mofatsa m'mphepete mwa bodi, makamaka pansi chakumanja, pomwe pamalowa timawaya ta batani loyatsira. Mukufuna kanthu kozungulira ngati batani la malaya koma konenepa, kokhala ndi kabowo pakati, kolendewera pa timawaya tiwiri kapena komatidwa pa bodi penipeni. Ngati palibe, malo ake ndi timapini tinayi tondandalikana, tolembedwa SPEAKER. Timapini tiwiri ta m'mphepete ndi timene timagwira ntchito.

Apa ndikupemphani, musadalire chala chokha. Malo olumikizira fani alinso ndi timapini tinayi, kungoti kumbuyo kwake kuli kapulasitiki koimirira, ndipo amapereka magetsi a mavolti 12 pomwe kasipika kamafuna 5. Mabodi ena alinso ndi timapini tinayi ta magetsi okongoletsa, topanda kapulasitiki komwe, tomwe pogwira simungatisiyanitse. Funani buku la bodi yanu pa intaneti muwerenge ndi foni, kapena imbani Be My Eyes, pulogalamu ija inayamba mu 2015 ku Denmark, kuti munthu wongodzipereka akuwerengereni zolembedwa pa bodi kudzera pa kamera. Mwana wa sukulu kunyumba kwanuko akhozanso kukuwerengerani mawu amodziwo. Kasipika katsopano n'kotchipa, ndipo okonza makompyuta ambiri amakhala nato tochotsa m'makina akale.

Mwakalumikiza, mwayatsa, koma zii? Yesani izi. Zimitsaninso, zulani pulagi, chotsani RAM yonse, kenako muyatse. Mabodi ambiri amalira mobwerezabwereza kudandaula kuti RAM palibe. Akalira, kasipika n'kabwino, ndipo kulira kwa poyamba kuja kunangozimitsidwa mu BIOS, pulogalamu ya pa bodi imene imayamba Windows isanatseguke. Pa mabodi a ASRock dzina lake ndi Boot Beep, ndipo pa ena Fast Boot imadumpha kulirako. BIOS silankhula, choncho apanso mufunika maso obwereka, koma ndi ntchito ya kamodzi. Tanthauzo la kulira kuwiri, kutatu kapena kwakutali limasiyana malinga ndi amene anapanga BIOS, ndiye sungani mndandanda wa bodi yanu pa foni, osati pa kompyuta yomweyo.

A Linux, nkhani yanu ili ndi nthambi ina. Ubuntu imatseka dala diraivala ya kasipika yotchedwa pcspkr. Mu Terminal, molembera malamulo, lembani sudo modprobe pcspkr kuti itseguke, ndipo kuti isatsekekenso mukayatsa mawa, chotsani mzere wake mu fayilo ya blacklist.conf yomwe ili mu /etc/modprobe.d. Ngati kompyuta yanu ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, tsegulani /etc/default/grub, mupeze mzere wa GRUB_INIT_TUNE, muchotse chizindikiro cha # chomwe chili kutsogolo kwake. Manambala ake ndi 480 440 1. Sungani, mulembe sudo update-grub. Kuyambira pamenepo GRUB, pulogalamu yosankhira pakati pa Windows ndi Linux, izilira ikangofika, ndipo muzidziwa nthawi yodina muvi wotsika n'kusankha nokha kolowera.