Sizasi ya dokowe: inayambira kwa azamba

Moni nonse amene mukuonera. Taonani kasizasi kali m'manja mwangamu. N'kakang'ono, kutalika kwake pafupifupi masentimita 9 basi. Apa podulira ndi mlomo wa mbalame, kasikuluu kogwirizanitsa mbali ziwirizi kali pa diso, nthenga anazigoba pathupi, ndipo miyendo yatsetserekera kumene timalowetsa zala. Mbalameyi ndi dokowe.

N'chifukwa chiyani anasankha dokowe? Tiyeni tipite ku Ulaya, makamaka ku Germany, Netherlands ndi chigawo cha Alsace ku France. Kumeneko adokowe oyera amamanga zisa zikuluzikulu pamadenga a nyumba, ndipo anthu ankati nyumba yomwe dokowe wamangapo ili ndi mwayi. Ana akafunsa kuti khanda lachokera kuti, makolo ankayankha kuti labwera ndi dokowe. Mbalame zomwezi, kukazizira ku Ulaya, zimauluka ulendo wautali kudzafika kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kuno.

Tsono m'zaka za m'ma 1800, m'zikwama za azamba ena a ku Ulaya munkapezeka kachipangizo kooneka ngati dokowe. Sikanali kodulira ayi. Mlomo wake unali wobuntha, wopanira mchombo wa khanda kuti magazi asataike podula. Tambiri tinali tasiliva, ndipo apa ndi pomwe ine ndimagoma ndi amisiri akalewo: ukatsegula miyendo ya mbalameyo, m'mimba mwake umapezamo kachifanizo ka khanda lokulungidwa m'nsalu. Tina anatipanga dokowe ataima pamsana pa kamba. Ntchito yosaoneka kwa anthu ambiri, koma anaikongoletsa ndi mtima wonse.

Nanga kanafika bwanji pa zosoka? Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi yakuti matenda a amayi amatenga nthawi, ndiye mzamba podikira usiku wonse ankatulutsa singano ndi ulusi n'kumapeta nsalu. Zipangizo zochiritsira ndi zosokera zinkakhala m'chikwama chimodzi. M'kupita kwa nthawi, opanga sizasi anatengera maonekedwe a dokowe uja, koma mlomo anaunola.

Ndipo anaganiza bwino. Munthu wopeta safuna sizasi yaikulu ya atelala yodulira nsalu. Amafuna nsonga yopyapyala yolowa pansi pa kaulusi kamodzi n'kukadula popanda kukhudza ena. Mlomo wa dokowe ndi wotero kale.

Matauni odziwika ndi zosulasula monga Solingen ku Germany, Sheffield ku England ndi Nogent ku France anapanga masizasi otere ambirimbiri, ena okutidwa ndi golide pathupi la mbalameyo. Lero amapangidwanso motsika mtengo m'mayiko ambiri, choncho pogula yesani kudula ulusi ndi kunsonga kwenikweni. Ikautafuna m'malo moudula, isiyeni. Mukapeza yabwino, musaduliremo pepala kapena waya, ndipo pakasikuluu paja muzidonthezapo kadontho ka mafuta a makina osokera.