Kabati yadzaza koma chovala palibe: tiyambire m'dengu la zochapa

[Kamera ili pa kabati yotsegula, zovala zathithikana. Wofotokoza waima pambali.]

Moni nonse amene mukuonera. Kabati mukuionayi ndi yanga, ndipo chitseko chake chinaleka kutsekeka chifukwa chodzaza. Koma m'mawa uliwonse ndimaima pano, manja m'chiuno, n'kumadandaula kuti ndilibe chovala. Ngati nanunso zimakuchitikirani, khalani pompo tikambirane.

Tili ana, zovala ankatisankhira makolo. Titasinkhuka, ankatisankhira anzathu, poti palibe wachinyamata amene amafuna kusekedwa. Kenako umangozindikira kuti wakula, uli pantchito, mwina uli ndi ana, thupi nalo lasintha, koma sunadzifunsepo n'kamodzi komwe kuti kodi ineyo chimandikhala n'chiyani. Ambirife tikafika apa timathamangira kusitolo. Ine ndikuti kusitolo tipite pomaliza. Tiyambe taona muno.

[Akoka dengu la zovala zoti zichapidwe n'kulikhuthulira pabedi.]

Izi ndi zimene ndavala sabata ino, popanda wondikakamiza. Buluku lakudali ndalichapa mpaka lasuluka m'mawondo. Shati yabuluuyi ndili nazo zitatu zofanana ndendende, ndipo zonse zili muno. Tsono onani jekete yofiira ili apoyo. Chaka chachitatu chino, kapepala ka kusitolo kakadali lende pamkono. Ndinaigula nditaona munthu wina pa Instagram itamukhala bwino zedi. Inamukhaladi, iyeyo.

Dengu silinama. Pakamwa tikhoza kunena kuti timakonda zowala, zachilendo, zotchena nazo, koma chimene dzanja limatola m'mawa tikuthamangira nthawi ndicho chathu chenicheni. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ndiye chitani izi kwa milungu inayi. M'mawa mukavala, dzijambuleni pagalasi ndi foni, osati kuti mutumizire munthu ayi. Madzulo povula, dzifunseni funso limodzi: kodi lero ndinakwanitsa kuiwala zimene ndavala? Chovala chokukhalani chimaiwalika m'thupi. Chosakukhalani chimakukumbutsani tsiku lonse: mukukoka siketi, mukukweza buluku, mukubisa batani limene likufuna kudumpha, mukulephera kukweza mkono pamsonkhano. Ngati mulibe khama lojambula, tembenuzani mahang'ala onse kuti ngowe zake ziloze kwa inu, ndipo chovala chilichonse mukachivala muzichibwezera hang'ala ataloza mwa nthawi zonse. Pakatha miyezi itatu, kabati idzakuuzani yokha zimene simunazikhudze.

Mukapeza zovala zanu zapamtima, zisanu kapena khumi, ziyaleni pamodzi ndipo mufufuze chimene zikufanana. Musakhutire ndi mawu akuti "zimangondisangalatsa". Fukulani. Kodi ndi nsalu yofewa? Kodi ndi poti sizigwira pamimba? Zili ndi matumba? Khosi lake ndi lotseguka, kapena mumakonda kolala yoima? Ine nditachita zimenezi ndinapeza kuti zanga zonse sizifuna kusita kwambiri, ndipo palibe chimene chimandigwira m'khosi. Basi, sitayilo yanga yonse inagona pamenepo, pa ulesi wositawo ndi khosi losafuna kupanikizidwa. Sizomveka zapamwamba, koma chiyambire tsiku limenelo sindinagulenso chovala cholakwika m'khosi.

Zotsala m'kabati zija, zambiri ndi za munthu amene kulibe. Pali diresi la mayi amene amapita kumaphwando sabata iliyonse, pomwe mwiniwake amakhala muofesi Lolemba mpaka Lachisanu. Pali suti, pomwe mwiniwake ndi bambo amene amagwira ntchito ya manja. Pali jinzi yodikira tsiku limene tidzachepe thupi. Jinzi imeneyi ndiye ndimadana nayo kwambiri, chifukwa ntchito yake ndi kukudzudzulani m'mawa uliwonse musanasambe n'komwe. Werengani masiku a sabata yanu, muone kumene mumakhala nthawi yaitali, ndipo ndalama za zovala zipite kumeneko.

[Pa sikirini: timapepala ta saizi titatu, manambala osiyana.]

Tsopano nkhani ya saizi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa kanambala aka kaliritsa anthu ambiri m'zipinda zoyezera zovala.

Kale chovala chinkasokedwa poyeza thupi la mwiniwake. Mafakitale atayamba kusoka zambirimbiri nthawi imodzi, panafunika manambala. Ku America, cha m'ma 1939, boma linayamba ntchito yoyeza matupi a amayi pafupifupi 15,000, motsogozedwa ndi Ruth O'Brien ndi William Shelton, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1941. Koma miyeso imene anagwiritsa ntchito inali ya amayi achizungu okhaokha. Mu 1958 dzikolo linatulutsa muyezo wa masaizi wochokera pa ntchito imeneyi, makampani sanautsatire mokhulupirika, ndipo mu 1983 unathetsedwa. Lero kampani iliyonse ili ndi miyeso yakeyake. Ambiri anazindikiranso kuti wogula amasangalala akakwana mu nambala yaing'ono, choncho chovala chimakula koma nambala n'kumatsika. Onjezerani apo kusiyana kwa mayiko: diresi lolembedwa 12 ku Britain kawirikawiri limalembedwa 8 ku America ndi 40 m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Thupi ndi lomwelo, manambala atatu.

Ndiye mukalephera kulowa mu saizi imene munazolowera, musayambe kukwiyira thupi lanu. Tengani tepi yoyezera, yezani chifuwa, chiuno, m'matako, mapewa ndi kutalika kwa mwendo kuyambira m'mphechepeche, mulembe mufoni. Manambala amenewa ndiwo anu. Chinanso chothandiza: yezani chovala chimene chimakukhalani kale, chitayalidwa pansi, ndipo pogula china muziyerekeza ndi chimenecho.

[Wofotokoza avala shati, kamera iyandikira paphewa.]

Poyeza chovala, yambani ndi mapewa. Msoko wa phewa uzithera pamene fupa la phewa lathera. Ukagwera pamkono, chovalacho chakula, pokhapokha ngati chinasokedwa dala motero. Ukakwera cha kukhosi, chachepa. Ndikutsindika mapewa chifukwa ndi malo ovuta kwambiri kukonza, makamaka pa jekete. Pamabatani, mukaona nsalu ikukokana n'kupanga mizere yopingasa, kapena pakutseguka kampata pakati pa batani ndi linzake, chathina. Pa buluku, onani matumba a m'mbali: akamayasama, ndiye kuti m'chiuno ndi m'ntchafu mwachepa malo.

Ndipo chonde, musayezere chovala mutangoima chilili ngati msilikali, mimba mutaibweza. Khalani pampando. Weramani ngati mukumanga nsapato. Kwezani manja. Moyo wathu sitikhala titaima pagalasi.

Lamulo langa ndi lakuti gulani chokwana pamalo pamene thupi lanu lili lalikulu, kwinako telala abweza. Kupinda miyendo ya buluku, kubweza m'chiuno, kufupikitsa mikono ya shati, izi ndi ntchito zazing'ono kwa telala wodziwa. Kukulitsa chovala chochepa ndiye kovuta, chifukwa zovala zambiri za m'fakitale sizisiya nsalu yokwanira m'misoko. Anthu ambiri amene timawasirira kuti zovala zimawakhala, chinsinsi chawo si thupi, ndi telala.

[Pa sikirini: kansalu kolembedwa ka m'kati mwa chovala.]

Kansalu kakang'ono ka m'mbali kaja, kamene timakadula chifukwa choyabwa, kawerengeni musanakadule. Kamanena zimene chovalacho chinapangidwira. Thonje limamwa thukuta ndipo khungu limapuma, koma limachedwa kuuma ndipo likhoza kufupika pochapa koyamba. Linen, nsalu ya bafuta, ndi wozizira bwino nyengo yotentha, koma amachita makwinya mukangokhala pansi, ndipo ngati makwinya amakusowetsani mtendere musadzivute naye. Ubweya wa nkhosa umafunda ndipo sugwira fungo msanga, koma madzi otentha amaufinyimpitsa. Polyester, amene anatulukiridwa ku Britain mu 1941 ndi John Rex Whinfield ndi James Dickson, ndi pulasitiki wopota ngati ulusi: sachita makwinya, amauma msanga, koma amasunga fungo la thukuta ngakhale mwachapa. Ngati muli ndi shati imene imanunkha m'khwapa pofika masana pomwe zina sizitero, musadziimbe mlandu, werengani kansaluko. Ndiye pali elastane, wa mu 1958, wotulukiridwa ndi Joseph Shivers ku kampani ya DuPont. Ndi amene amapangitsa jinzi kutamuka. Pang'ono pokha, monga 2 peresenti, amathandiza kuti mukhale pansi momasuka, koma amafooka ndi kutentha, n'chifukwa chake jinzi yotamuka imayamba kukhwepa m'mawondo.

Za mitundu ya zovala sindinena zambiri. M'zaka za m'ma 1980 kunatchuka chiphunzitso chogawa anthu m'magulu anayi a nyengo za pachaka, aliyense ndi mitundu yake, ndipo masiku ano chabwereranso pa TikTok. Palinso zija zofanizira matupi ndi zipatso. Kwa ine ndi zocheza, osati malamulo. Imani pawindo masana, ikani nsalu pafupi ndi nkhope, muone ngati nkhope yawala kapena yaoneka yotopa. Magetsi a m'sitolo amanamiza. Ndipo ngati mtundu mumaukonda koma sukukhalani kumaso, uvaleni kumunsi: siketi, nsapato, chikwama.

Mwina wina akudandaula kuti, ndikatsatira dengu langali ndiye kuti ndizingovala zofanana tsiku ndi tsiku. Nanga vuto lili pati? Steve Jobs, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya Apple, ankadziwika ndi juzi yakuda ya khosi lalitali, yosokedwa ndi Issey Miyake wa ku Japan, pamodzi ndi jinzi ya Levi's, zaka ndi zaka. Barack Obama ali pulezidenti wa America ananena mu 2012 kuti amangovala masuti otuwa kapena abuluu kuti achepetse zinthu zoti aziganizira. Maganizo okhala ndi zovala zochepa zogwirizana si atsopanonso: Susie Faux, amene anali ndi sitolo ku London, anawatchukitsa m'ma 1970, ndipo mu 1985 Donna Karan, katswiri wopanga zovala ku New York, anatulutsa zovala zisanu ndi ziwiri zokha zoti mayi wapantchito azisinthanitsa. Mu 2010 Courtney Carver, wolemba mabuku wa ku America, anayambitsa zoyesa kukhala ndi zinthu zovala 33 zokha kwa miyezi itatu. Ine ndinayesako, ndinagonja sabata yachitatu. Nambalayo musaiyese chipembedzo. Chimene ndinatolapo n'chakuti chovala chizikhala ndi abale ake m'kabati. Ngati mumakonda maluwamaluwa ndi mitundu yofuula, valani, bola zizigwirizana. Kuchepetsa sikutanthauza kuvala zakuda ngati muli pachisoni.

Tsopano mukhoza kupita kusitolo kuja. Mukagwira chovala, tchulani zinthu zitatu zimene muli nazo kale zoti muvalire limodzi. Zikapanda kukwana zitatu, ndiye kuti chovalacho chikuitanitsa nsapato zatsopano, lamba watsopano, ndipo mudzagula zinthu zinayi pofuna kupulumutsa chimodzi. Chitembenuzeni muone kum'kati, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kokani msoko pang'ono: mukaona kuwala kukudutsa pakati pa ulusi, sichikhalitsa. Yesani zipi kangapo. Mtengo wake muugawe ndi masiku amene mudzachivale, mudzaona kuti chotchipa chovala kamodzi n'chodula kuposa chokwera mtengo chovala sabata iliyonse. Ndipo wogulitsa akati "chakukhalani bwanji!", mwetulirani, koma kumbukirani kuti iye ali pantchito.

Za msinkhu, ndimamva anthu akuti ukafika zaka zakuti usavale chakuti. Sindigwirizana nazo. Chimene chimasintha ndi thupi ndi zochita zathu, ndipo zimasinthadi: mimba ya uchembere, matenda, ntchito yokhala pansi, kapena kungokula. Choncho miyeso ija muziyezanso chaka ndi chaka. Kuvala molingana ndi malo, kuntchito kapena pamwambo, ndi ulemu kwa anzathu, ndipo m'kati mwa ulemu umenewo mumakhalabe mpata woti munthu aoneke kuti ndi iyeyo, kaya ndi mtundu wa shati, ndolo, wotchi kapena kasokedwe ka kolala.

[Wofotokoza atenga jekete yofiira ija n'kuivala.]

Tiyeni tiiyeze komaliza, inu mukhale mboni. Msoko wa phewa, onani pamene wagwera, pafupifupi zala zitatu kutsika pamkono. Kolala yake ikundikanda m'khosi, ndipo ndangoivala kumene. Zoti ndivalire limodzi, ndikuwerenga: buluku lakuda lija, chimodzi. Chachiwiri palibe.

[Aivula, aipinda, aiika m'thumba.]

Mng'ono wanga ali ndi mapewa otambalala kuposa ine, ndipo zofiira amazikonda kuyambira ali mwana. Ndimuimbira ndikamaliza kujambula. Koma kaye ndichape izi, chifukwa mashati onse atatu ali m'dengu ndipo mawa ndi Lolemba.