Kutera mphepo ikuwomba cham'mbali

Eya, mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti dzulo potera ndege imakuthawira kumanzere. Ndi Ogasiti uyu, mphepo ya kuno ku Harare yayamba, yochokera chakum'mawa ija, ili ngati mwera wa kunyanja kwathu. Ndiye tamvera.

Mapazi ako... ayi, dikira, tiyambe ndi masamu. Ku bwalo la ndege la Charles Prince misewu ya ndege ndi iwiri, 06/24 ndi 14/32, nambala zake zimanena kumene msewu waloza, 06 ndiye madigiri 060. Tinene kuti ukutera pa 06, a ku tower akuti mphepo ikuchokera pa madigiri 090, liwiro lake ma knots 16. Kusiyana kwake madigiri 30. Pa 30 umatenga theka la liwiro la mphepo, ndiye yam'mbali ndi 8, yochokera kumanja. Pa 45 pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Pa 60 ungoti yonse, usavutike nazo. Ikamachokera pa 120, pempha msewu wa 14 basi. Buku la Cessna 172 limatchula ma knots 15 am'mbali, koma amene anayesa zimenezo sanali wophunzira ayi.

Akati 12 gusting 22, ndiye kuti mphepo ili pa 12 koma ikumakwera mpaka 22, kusiyana ndi 10, theka lake 5. Pa liwiro lako lotsikira la 65 wonjezerapo 5, ubwere ndi 70. Ma flaps, tizigawo ta kumbuyo kwa mapiko totsitsa potera, osatsitsa onse, madigiri 20 akwana.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Pa final, pamene ukutsika utalunjika msewu, mphuno umailoza pang'ono kumene mphepo ikuchokera, ndege imayenda chammbali ngati nkhanu, zili bwino. Koma sungagunde pansi choncho, matayala angakhuzumuke chopingasa. Ukayandikira pansi, phazi lamanzere pa rudder, chiwongolero cha kumchira chija, mphuno iwongoke ndi mzere wapakati. Nthawi yomweyo, nthawi yomweyo ndithu, chiwongolero kumanja, phiko lamanja litsike. Wamva? Ndibwerezenso. Mphepo kumanja, phiko lamanja pansi, phazi lamanzere. Mapazi ntchito yawo ndi mphuno yokha. Manja ntchito yawo ndi kuletsa ndege kutengeka. Iwe dzulo unaponda rudder, phiko n'kuliiwala, mphepo n'kukukankha. N'chifukwa chake.

Ukaona ukupitabe kumanzere, wonjezera phiko, osati phazi. Anthu amaponda phazi, mphuno n'kukhota, zinthu ziwiri zasokonekera. Phiko. Ndipo liwiro likamatsika ma aileron, tizigawo ta pamapiko topendeketsa ndege, amafooka, ndiye umawonjezerabe, sikuti waika kamodzi watha. Maso kumapeto kwa msewu, osati pamphuno.

Tayala lamanja ligunde loyamba, lamanzere litsatire, lakutsogolo pomaliza. Kutera ndi tayala limodzi kumaopsa poyamba, thupi limakana, limafuna mapiko alingane. Usalimvere.

Ukagunda pansi... ee, apa anthu samva. Alipo wina, anauzidwa kangapo konse, iye matayala akangokhudza phula amapumira m'mwamba, chiwongolero n'kuchibweza pakati, akuti ndatera kale. Mphepo inalowa pansi pa phiko n'kulinyamula, inamenyanso mchira, mphuno inatembenukira kumphepo, anakaima mu udzu. Sanavulale, koma propela anachita kuichotsa, injini kukaitsegula. Ndiye ukagunda, chiwongolero pitiriza kupotoza kumanja pang'onopang'ono mpaka chifike pothera, mapazi akusunga mzere. Mabuleki usathamangire.

Ndaiwala china. Rudder ikafika pothera koma mphuno sikuwongoka, mphepo yakuposa, nyamukanso. Ukadumpha kwambiri, nyamukanso. Throttle yonse, ndiye kuti mphamvu yonse ya injini, carb heat, chotenthetsa mpweya wolowa mu injini, mkati kuti izime, ngati ma flaps anali onse bweza pa 20, osawachotsa kamodzi. Koma kumbukira bwaloli lili pamtunda wa mafiti pafupifupi 4,850. Masana kukatentha madigiri 30, injini ndi mapiko zimamva ngati zili pafupi ndi 8,000, ndege imakwera mwaulesi. Usakoke mphuno chifukwa cha mantha, dikira liwiro. Ndiye ganizo lonyamukanso upange msanga, msewu usanathe, makamaka pa 14 paja, ndi waufupi.

Poyenda pansi, mphepo ikachokera kutsogolo chiwongolero kumphepo. Ikachokera kumbuyo, kankha kutsogolo, potoza kothawa mphepo. Ayi, ndinene bwino, kumbuyo kumanja, iwe kutsogolo ndi kumanzere.

Kamvuluvulu wa masana uja ukamuona akuzungulira ndi fumbi pafupi ndi msewu, osamudutsa, zungulira umudikire. Mawa bwera 6 koloko kusanayambe kuwomba, ukafika yang'ana windsock kaye, thumba losonyeza mphepo lija, ikaongoka yonse ndi ma knots 15 amenewo, undiimbire usanachotse zingwe pa mapiko.