Thumba la maselo likapezeka ndi mabakiteriya, madokotala amatani?

Owonera athu, taonani kathumba aka kamene mwakuona kwake simungakasiyanitse kwenikweni ndi thumba la magazi. Muli maselo opanga magazi, omwe amatengedwa m'mafuta a m'mafupa, m'magazi kapena mumchombo wa khanda, kuti aikidwe mwa munthu wodwala khansa ya m'magazi.

Wodwalayo amayamba walandira mankhwala amphamvu amene amapha maselo ake akale, ndipo kwa milungu iwiri kapena itatu chitetezo cha m'thupi mwake chimakhala chitatheratu. N'chifukwa chake malamulo a FACT ndi JACIE, mabungwe a ku America ndi ku Ulaya oyang'anira ntchito yoika maselo amenewa mwa odwala, amafuna kuti thumba lililonse liyezedwe ngati lili ndi mabakiteriya. A mulabotale amatapako pang'ono n'kuthira m'timabotolo timene amatiika m'makina ofunditsa monga BACTEC, kenako n'kudikira masiku angapo kuti aone ngati mwamera kanthu.

Chipatala cha Mayo Clinic ku America chinalengeza mu 2007 kuti pa maselo amene anatengedwa maulendo 7,233, mabakiteriya anapezeka maulendo 119 okha. Kawirikawiri amakhala mabakiteriya a pakhungu, monga Staphylococcus epidermidis, amene amalowa pobaya singano.

Chodabwitsa n'chakuti thumba lotere nthawi zambiri silitayidwa. Magazi akawonongeka mumangotenga thumba lina, koma maselo amenewa mwina anachokera kwa m'bale mmodzi yekha wogwirizana naye, ndipo wodwala amene mafuta ake a m'mafupa aphedwa kale sangakhale ndi moyo popanda iwo. Komanso maselo akakhala kuti sanaumitsidwe m'chisanu, amaikidwa m'thupi zotsatira zisanatuluke n'komwe. Madokotala amangopereka maantibayotiki n'kumamuyang'anira, ndipo odwala ambiri sadwala nawo mabakiteriyawo.

Apa ndi pamene ena amafunsa ngati n'koyenera kuwonongera ndalama timabotolo, makina ndi nthawi ya akatswiri, osaiwalanso maselo otapidwa aja amene akanathandiza wodwalayo. Funsoli ndi lomveka, makamaka pamene thumba limodzi likuyezedwa kangapo.

Ine ndikuona kuti kuchepetsa maulendo oyeza n'kotheka, koma kusiyiratu ayi. Wodwala akatentha thupi pakati pa usiku, dokotala amene akudziwa dzina la bakiteriya wa m'thumba lija amasankha mankhwala molunjika m'malo mongoyerekeza. Ndipo bakiteriya yemweyo akapezeka m'matumba a anthu osiyanasiyana, a mulabotale amadziwa kuti vuto lili pa zipangizo kapena pa kagwiridwe kawo ka ntchito, n'kulikonza lisanafike kwa wodwala wotsatira.